Loya akatopa ndi khoti, banja litani?

Usiku wina mu Ogasiti 2021, cha m'ma 10 koloko, foni yanga idalira. Kwathu kuno ku Namitete foni ikalira nthawi imeneyo mtima umayamba wadumpha. Ine ndidagwira unamwino zaka zoposa 30, ndiye ngakhale ndidapuma, anthu amandiimbirabe mwana akatentha thupi kapena mayi akayamba kumva msana. Koma tsikulo adali apongozi anga a ku Lilongwe, mawu akunjenjemera.

"Amayi, pepani ndakudzutsani. Ana anu akusiya ntchito. Kalata ndaipeza m'thumba la jekete pomwe ndimati ndichape."

"Awachotsa?"

"Ayi amayi, akusiya okha. Ine osandiuza n'komwe."

Amene ankanenedwayo ndi mwana wa akulu anga. Pachichewa ameneyo ndi mwana wanga, palibe zoti uyu ndi wa uje. Wandilola kuti nkhaniyi ndikuuzeni, bola dzina ndisunge. Mnyamatayu ndi loya, ndipo nthawi imeneyo n'kuti atagwira zaka zisanu ndi zinayi pa kampani ina ya maloya mumzinda. Ndaganiza zoilemba chifukwa ndikudziwa kuti m'nyumba zambiri muli kalata yotere, kaya ya loya, ya mphunzitsi, ya namwino kapena ya wogwira ntchito kubanki. Kwina idalembedwa kale, kwina ikadali mumtima.

Kuti mumvetse chimene chidatipweteka, ndiyambe ndi kumene tidachokera. Bambo ake adamwalira iye ali Fomu 2. Akulu anga adatsala ndi ana asanu ndi munda wa fodya wa bale kufupi ndi Nsaru. Mnyamatayu adali wanzeru, ndipo atasankhidwa kupita ku Chancellor College ku Zomba, komwe kwa zaka zambiri kudali kokhako kophunzirira digiri ya malamulo m'dziko muno, banja lonse lidagwirana manja. Atsibweni ake adagulitsa ng'ombe ziwiri zapangolo. Ine ndinkadula pamalipiro anga mwezi ndi mwezi. Alongo ake awiri sukulu idawathera panjira chifukwa ndalama sizikadakwanira onse.

Tsiku lolandira digiri tidachita hayala minibasi mpaka ku Zomba. Chichokereni tsiku limenelo dzina la akulu anga lidasintha. Pachigayo, pamaliro, kutchalitchi, aliyense ankawaitana kuti "amake a loya". Munthu akakangana ndi mnzake za malire a munda ankangoti, "Ndikauza amake a loya." Ndiye tangoganizani mmene uthenga uja udafikira pakhomo paja.

Loweruka lotsatira tidakumana ku Nsaru. Padali akulu anga, atsibweni ake, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, apongozi ndi ine. Atsibweni ake adayamba modekha koma sadachedwe kupsa mtima. "Ng'ombe zanga zija zidapita kuti iwe ubwerere kudzagwira khasu? Khasulo sitidakusiyitse dala?" Akulu anga ankangolira. Nkhoswe ya kuchikazi idati mwana wawo adakwatiwa ndi loya, ndipo ngati zinthu zikusintha ayenera kuuzidwa bwinobwino.

Ine ndiulule pano kuti ndidalankhula zopweteka kuposa onse. Ndidati, "Iwe, anzako ali ndi madigiri akungoyenda ndi maenvelopu m'tauni kusaka ntchito, iwe uli nayo ukuitaya. Kukhuta kumeneko." Iye sadayankhe. Adangoyang'ana pansi, n'kumapotokola kiyi wa galimoto m'manja.

Pomwepo m'pamene diso la unamwino lidadzuka. Manja aja ankanjenjemera. Maso adali ofiira ngati munthu amene wachezera pamaliro. Lamba adali ataboola bowo lina ndi msomali chifukwa thalauza linkagwa. Ndidachita manyazi. Zaka zonse zija m'mawodi ndinkaphunzitsa anamwino achichepere kuti wodwala umayamba wamuyang'ana ndi kumumvera usadatsegule pakamwa, koma mwana wanga yemwe ndidamuweruza ndisadamuone.

M'mawa mwake ndidatulutsa kamakina kanga koyezera BP komwe sindikasiya ndikamayenda. Ndidapeza 165/105. Ndidamukhazika mphindi khumi n'kuyezanso, osasintha kwenikweni. Kwa amene simudziwa, BP ikamakhala pa 140/90 kapena kupitirira apo nthawi ndi nthawi, timati yakwera. Uyu adali ndi zaka 33 zokha. Lolemba ndidamuperekeza ku chipatala cha St Gabriel's, ndipo adokotala atamuyeza masiku angapo adamuyambitsa mankhwala.

Pobwerera tidakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yanga, awiriwiri. Ndidati, "Mwana wanga, juzi ndidalakwa. Lero sindilankhula, ulankhule ndiwe."

Adayamba pang'onopang'ono. Adati pamene ankapita ku Zomba ankalota zoteteza anthu ngati amayi ake, amene achibale a malemu bambo ake adafuna kuwalanda munda maliro asadazizire. Koma ntchito imene idamupeza idali yotolera ngongole. Tsiku ndi tsiku ankalemba makalata oopseza anthu amene alephera kubweza ndalama, kenako n'kukatenga chilolezo kukhoti choti katundu wawo alandidwe. Ntchitoyo ndi yovomerezeka, ndipo wobwereka ayeneradi kubweza. Iye sadatsutse zimenezo. Adangoti tsiku lina adaona mayi wamasiye ataima panja, mipando ndi mapoto zikukwezedwa mulole, ana atagwira chitenje chake. "Amayi, nkhope imene ndidaona idali ya amayi anga. Dzina losaina papepala lidali langa."

Adakambanso za milandu imene imangoimitsidwa, lero woweruza palibe, mawa failo yasowa, mpaka zaka kutha, mwini mlandu n'kumakuimbira usiku ngati wazengereza ndiwe. Kunyumba ankafika ana atagona. Tulo tidasowa, ndiye adayamba kumwa kuti agone. Lamulungu madzulo m'mimba munkayamba kupota akangokumbukira kuti mawa ndi Lolemba. Kenako adanena mawu amene mpaka lero ndikawakumbukira thupi limachita tsembwe. Adati masiku ena akamayendetsa galimoto ankaganiza kuti bola kungochoka padziko pano, aliyense apume.

Makolo anzanga, mwana akanena mawu otere musawatenge ngati nthabwala kapena kufuna kumveredwa chisoni. Amuna ambiri kwathu kuno adaphunzitsidwa kuti mwamuna salira, ndiye amasenza katundu mwakachetechete mpaka tsiku limene timangomva zoti wadzipha. Sabata yomweyo tidapita naye kwa aphungu a St John of God ku Lilongwe, omwe amathandiza anthu ovutika m'maganizo. Kumeneko si kwa "amisala" monga anthu amanenera. Ndi chipatala ngati china chilichonse. Ngakhale bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2019 lidavomereza kuti kulipo kutopa kobwera chifukwa cha kupanikizika pantchito kwa nthawi yaitali. Munthu amatheratu mphamvu, amayamba kuipidwa ndi ntchito yake, ndipo zimene ankachita bwino zimayamba kumukanika.

Musaganize kuti nditamva zonsezi ndidangoti kapereke kalata ija. Ayi. Apongozi nawo adali ndi mfundo zawo, ndipo zidali zoona. Iwo ndi mphunzitsi wa kupulayimale. Nyumba idali ya lendi, galimoto ya ngongole, ana awiri pasukulu yolipira, kuphatikiza ana awiri a alongo ake amene banjali linkawalipirira fizi. Chimene chidawapweteka kwambiri sichidali ndalama. Adandiuza kuti, "Amayi, zaka zisanu ndi ziwiri tili limodzi, nkhani yaikulu chonchi ndikaimve kwa jekete?" Pamenepa mwana wanga adalakwa, ndipo ndidamuuza kuti akapepese pamaso pa ankhoswe. Adapepesa.

Inu achinyamata amene muli pabanja, ntchito ya mmodzi ndi nsima ya nonse. Ukafuna kuisiya, woyamba kumva akhale mnzako wa m'nyumba, ndipo amve maganizo akadali maganizo, asadasanduke kalata. Mwana wanga ankabisa poopa kuti mkazi wake amuona ngati wolephera. Kubisako n'kumene kudatsala pang'ono kupasula banja. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Titakhazika mitima pansi, tidakhala atatu patebulo ndi kope la sukulu. Funso loyamba lidali limene namwino aliyense amafunsa: pakupweteka ndi pati? Munthu akati watopa ndi ntchito, nthawi zina watopa ndi bwana, nthawi zina ndi mtundu wa ntchito imene akumupatsa, nthawi zina ndi thupi limene likudwala, ndipo nthawi zina ndi ntchito yeniyeniyo. Mankhwala ake ndi osiyana. Wotopa ndi bwana amangofunika kusintha malo. Wodwala amafunika chipatala ndi tchuthi. Tidagwirizana kuti kalata isungidwe kaye, atenge tchuthi chake chapachaka, amwe mankhwala, asiye mowa, agone. Chiganizo chachikulu sachipanga munthu amene watha miyezi osagona.

Patatha mwezi nkhope idabwerera, koma maganizo ake sadasinthe. Adati malamulo amawakondabe, chimene sakufunanso ndi moyo wa khoti ndi ngongole za anthu. Apa m'pamene ndidaphunzira chinthu chimene sindinkachidziwa, choti digiri ya malamulo ili ndi makomo ambiri. Ife akumudzi timaganiza kuti loya ndi wovala gauni lakuda ndi wigi basi. Chonsecho alipo maloya m'mabanki ndi m'makampani amene ntchito yawo ndi kuunika mapangano ndi kulangiza mabwana, khoti osapondako. Alipo ku Legal Aid Bureau, yomwe idakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 n'kuyamba ntchito mu 2015, oimira anthu osauka amene sangathe kulipira loya. Alipo ku ofesi ya Ombudsman, ku Malawi Human Rights Commission, ku Law Commission ndi ku Anti-Corruption Bureau. Ena amaphunzitsa, poti lero malamulo akuphunzitsidwanso ku Catholic University ku Nguludi ndi kwina. Ena ali m'mabungwe ngati PASI, amene kuyambira m'chaka cha 2000 akhala akutumiza alangizi a zamalamulo m'ndende, ndipo adaphunzitsanso anthu m'midzi kuyanjanitsa okangana nkhani isadafike kupolisi.

Ndipo kusintha njira si zachilendo kwa anthu ophunzira. Sindikukamba ndale, ndikungokumbutsa mbiri. Dr Kamuzu Banda adali dokotala wa chipatala ku Britain ndi ku Ghana asadabwerere kumudzi mu 1958. Nelson Mandela ndi Oliver Tambo adatsegula ofesi ya maloya ku Johannesburg mu 1952, koma dziko silikuwakumbukira chifukwa cha ofesiyo. Mayi Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'Malawi, atatuluka m'ndende mu 1993 adayambitsa bungwe la Malawi CARER lophunzitsa anthu wamba za ufulu wawo. A Peter Mutharika adaphunzitsa malamulo ku America zaka zambiri asadalowe ndale zakuno. Onsewa maphunziro awo sadatayike. Adangowanyamula n'kupita nawo kwina.

Mnzake wina wa mwana wangayu, amene adaphunzira naye ku Zomba, adamupatsa malangizo amene ndidawakonda. Adamuuza kuti alembe papepala zimene amatha kuchita, koma osatchula mawu oti khoti kapena mlandu. Poyamba adasowa cholemba. Kenako zidayamba kutuluka: kuwerenga chikalata chachitali n'kupeza pamene pabisala msampha, kulemba kalata yomveka, kukambirana ndi munthu wokwiya mpaka mugwirizane, kusunga chinsinsi, kusunga masiku, kufotokozera munthu wosaphunzira nkhani yovuta m'Chichewa chosavuta. Mnzakeyo adati olemba ntchito kunja kwa makhoti sasamala kuti udapambana milandu ingati, amafuna kumva zimene uwachitire. Inunso amene mukufuna kusintha ntchito, yesani zimenezi musadalembe CV yatsopano. Mudzadabwa ndi katundu amene muli naye.

Malangizo ena adali oti asadalumphe, akacheze ndi anthu amene akugwira kale ntchito imene akuisirira, awafunse zowawa zake, osati zokoma zokha. Safunsa adadya phula. Adacheza ndi loya wa kubanki, wa kubungwe lina, ndi wina amene adasiyiratu n'kuyamba bizinesi ya zomangamanga. Koma chimene chidamugwira mtima adachipeza kumudzi konkuno.

Loweruka lina atsibweni ake omwe aja adamupempha kuti awawerengere pepala limene adasaina ndi ogula mbewu. Atawerenga adawafunsa ngati akudziwa kuti avomera kugulitsa kwa wogula mmodzi yekha, pamtengo umene wogulayo adzanene yekha pokolola. Atsibweni adangoti kukamwa yasa. Sabata yotsatira padabwera alimi asanu ndi mapepala awo. Inayo adabwera khumi ndi awiri, ena kuchokera ku Kabudula ndi ku Nambuma pa njinga.

Mukudziwa inu kuti ulimi wa masiku ano wadzaza mapepala. Kuyambira cha m'ma 2012 fodya wambiri amalimidwa pa mgwirizano ndi makampani, mlimi n'kulandira feteleza ndi mbewu pangongole. Soya ndi mtedza nazonso zili ndi mapangano ake. Lamulo la malo a makolo la 2016 lidatsegula njira yoti munthu alembetse munda wake. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana ndi mlandu. Zonsezi zilipo, koma zambiri zili m'Chingerezi, ndipo maloya adaunjikana ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Mlimi wa ku Nsaru amadinda chala pa chimene sadachiwerenge. Mwana wanga adabwera kwa ine maso akuwala, koyamba m'zaka zingapo. "Amayi, ntchito ija ndinkaifuna ili kuseri kwa nyumba ya amayi anga."

Komabe kuwala kwa maso sikulipira lendi. Apa apongozi ndi amene adatsogolera, ndipo ndimawalemekeza mpaka lero. Adaika mfundo zawo momveka. Ntchito asasiye mpaka atasunga ndalama zokwanira lendi ndi chakudya cha miyezi isanu ndi umodzi. Galimoto igulitsidwe, ngongole ithe. Katapila asayandikire pakhomo. Laisensi ya uloya, yomwe imafunika kuikonzanso chaka ndi chaka, asaileke kufa, kuti khomo lobwerera likhale lotsegula. Ayambe wayesa ulimi pa maekala awiri okha akadali pantchito. Kope la ndalama azisunga ndi iwo. Ndipo pakatha zaka ziwiri adzakhalenso pansi, zikadzakanika adzafune ntchito yolembedwa popanda kunyinyirika. Mwamuna adavomera zonse, ankhoswe ali pomwepo.

Mvula ya 2021 itagwa adadzala soya ndi mtedza wa CG7 pamunda wa amayi ake, atafunsa alangizi a zaulimi komanso akatswiri a ku Chitedze, poti digiri ya malamulo siphunzitsa kutalikana kwa mizere. Lachisanu madzulo ankakwera minibasi, Lamulungu n'kubwerera. Mu Malichi 2022 adapereka notisi ya mwezi umodzi monga mwa lamulo, ndi kalata yatsopano yothokoza, osati yaukali ija ya m'jekete. Mafailo a anthu adawasiya m'manja mwa anzake mwadongosolo, aliyense atauzidwa amene atenge mlandu wake. Adafunsanso za penshoni yake kuti adziwe pamene ili. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Mabwana ake akale mpaka lero amamutumizira tintchito tolemba.

Ndikadakhala wonama ndikadati kuyambira pamenepo zonse zidayenda myaa. Mu Meyi 2022, patangotha mwezi atasiya ntchito, kwacha idagwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 idagwanso ndi 44 peresenti, mitengo ya zonse n'kukwera. Mu 2024 kudabwera ng'amba, soya adapserera m'munda. Ndalama zolowa m'nyumba zidatsika kufika pochepera theka. Adasamukira m'nyumba yaing'ono, ana adasintha sukulu, nyama idayamba kuoneka Lamulungu lokha. Apongozi adandiuza kuti usiku wina adalira m'bafa kuti amuna awo asamve. Malipiro awo a uphunzitsi ndi amene adagwira nyumba miyezi yovutayo.

Pakamwa pa anthu napo sipadagone. Ena ankati adamulodza achibale a bambo ake. Ena ankati adadya ndalama za anthu ndiye adamulanda laisensi. Munthu amene ankabwera pagalimoto tsopano ankafika pa njinga yamoto, fumbi lili mbuu. Akulu anga adatha masabata angapo osapita ku msonkhano wa amayi kutchalitchi chifukwa cha manyazi. Ndidapita kukawaona, ndipo ndidawauza zimene adandiuza pansi pa mango paja, atandilola mwini wake. Ndidati, "Akulu, mukadasankha chiyani, kukhala amake a loya amene tidamuika m'manda, kapena amake a mlimi amene akudya nanu nsima?" Sadandiyankhe. Adangodzuka n'kukatereka madzi a tiyi.

Lero mwana wangayu amagwira masiku atatu pasabata ngati mlangizi wa kopaletivi ina ya alimi a soya ndi mtedza cha ku Kabudula. Adawathandiza kulembetsa kuboma, kulemba malamulo a gulu, ndipo pepala lililonse la ogula limadutsa m'manja mwake asadasaine. Masiku enawo amalima, ndipo amatenga milandu yowerengeka imene wasankha yekha, makamaka ya malo ndi ya chuma cha masiye. Chaka chatha adakhala pabwalo la amfumu n'kuwerenga lamulo la 2011 lija m'Chichewa, achibale amene ankafuna kuchotsa mayi wina wamasiye pakhomo adabweza makiyi popanda kupita kukhoti. Mayiyo adabweretsa nkhuku kwa akulu anga. Zaka ziwiri zija zitakwana, banjali lidakhala pansi monga lidapanganira, ndipo apongozi ndi amene adati apitirize. Ndalama sizidafikebe pamene zidali, koma BP ili m'malo mwake, mowa adasiya, ndipo ana amachita naye homuweki. Akulu anga chithunzi cha gauni chikadali pakhoma, ndipo nthawi zina amafunsabe kuti abwerera liti kutauni. Sindiwadzudzula. Nawonso adataya kanthu.

Ndisanamizire kuti aliyense wotopa asiye ntchito. Ntchito m'Malawi muno ndi yosowa, ndipo zimene ndidanena ku Nsaru zija, ngakhale ndidazinena moipa, zidali ndi choonadi chake. Mnzake uja wa malangizo naye adatopapo, koma adangochoka pa kampani ya maloya n'kukalowa kubanki, ndipo ali bwinobwino. Wina adasiya mopsa mtima popanda dongosolo, adatha chaka ndi theka akungokhala, banja lidagwedezeka. Ine ndemwe m'zaka za m'ma 2000, pomwe anamwino anzanga ambiri ankapita ku Britain, ndidalakalaka kusiya. Nditaunika bwino ndidapeza kuti chimene chinkandipha ndi mashifiti ausiku, osati unamwino. Ndidapempha kusamukira ku sikelo ya ana ndi amayi oyembekezera, ndipo ndidagwira mosangalala mpaka kupuma. Kuthamanga si kufika.

Kwa inu apabanja, mnzanu akabwera ndi nkhani yotere musayambe ndi kukuwa, ndipo musayambenso ndi kuombera m'manja. Funsani kuti pakupweteka ndi pati. Pitani kuchipatala mukayezetse BP ndi shuga, ndipo ngati tulo tasowa kapena maganizo oipa ayamba kubwera, kaonaneni ndi aphungu msanga. Tengani kope muwerengere limodzi zolowa ndi zotuluka. Yesani njira yatsopanoyo pang'ono mukadali ndi malipiro. Ngati pakufunika luso lina, sukulu zilipo, kaya ku Bunda, kaya ku Namitete Technical College pompano, ndipo musachite manyazi kukhala m'kalasi ndi ana ang'onoang'ono kapena kuyambira pansi. Ikani malire a nthawi ndi a ndalama, ankhoswe adziwe. Amene akutsala pantchito naye amvedwe, chifukwa ndi amene asenze nyumba pamene mnzake akuphunzira kuyenda.

Kwa ife makolo, nkhani ndi yowawa koma tiimve. Tidagulitsa ng'ombe, tidagona ndi njala, zoona. Mwana ayenera kuyamika ndi kukumbukira abale ake, ndipo wanga uja fizi ya ana a alongo ake sadasiye kulipira ngakhale pa nthawi ya ng'amba. Koma fizi si chikole chogulira moyo wa mwana. Tidamuphunzitsa kuti adzathe kuganiza ndi kudziimira, ndiye tisadabwe tsiku limene waganiza zosiyana ndi zathu. Nthawi zambiri chimene timalirira ndi dzina lathu pamudzi. Ndipo kwa amene ana anu akadali kusekondale, lekani kuwasankhira ntchito ali m'chikuta. Si mwana aliyense wanzeru amene ayenera kukhala dokotala kapena loya. Mufunseni chimene amakonda, mupite naye akacheze ndi anthu a ntchitoyo, aone ndi maso ake.

Atsibweni ake aja, amene ankalira ng'ombe zawo, mwezi wathawu ndidakumana nawo pamsika wa Nsaru atanyamula envelopu yakhaki. Ndidawafunsa kuti ulendo wa kuti. Adati, "Kwa loya wathu. Masiku ano sindidinda chala asadawerenge." Ndidawakumbutsa zimene adanena tsiku lija. Adaseka n'kuti ng'ombe imodzi yabwerera kale, yatsala inayo.

Mwana wanu akabwera kumudzi pa holide ikubwerayi, musathamangire kufunsa za malipiro ndi za galimoto. Muyang'aneni m'maso, muone lamba wake, ndipo mumufunse ngati akugona bwino.